Makwerero a Kuseri

Kanyumbako kanafika ku Insaca pa chapa, minibasi ya ku Cuamba, katakulungidwa mu kapulana, chitenje cha kuno, ngati khanda lopita ku sikelo. Amene anakafukata ulendo wonsewo anali Hélio, mnyamata wa ku Nampula wojambula mapulani a nyumba, ndipo akuti m'njira anatsala pang'ono kugwirana m'makosi ndi mayi wina amene ankafuna kusanjikapo dengu la matemba. Atangokavundukula pa tebulo, pakhonde la sitolo ya a Vitorino, msika wonse unasamukira pomwepo. Ogulitsa tomato anasiyira mbuzi malonda awo.

Kanali ka makatoni ndi timitengo, kotalika ngati mtondo, koma kali ndi zonse: mawindo, zitseko, ngakhale tianthu toimirira pakhomo. Nsanjika zisanu, abale inu! Kuno kwathu, kumene chinthu chachitali kuposa zonse chinali mtengo wa mbendera ku boma! Hélio ankazula nsanjika imodziimodzi monga avundukulira mapoto, n'kumalongosola m'Chichewa chake chotsimphina. Pansi penipeni masitolo. Pamwamba pake maofesi, oti azichita lendi mabungwe aja anabwera ndi mtendere, a zitsime ndi a mbewu. Kenako nsanjika ziwiri zogonamo alendi, anthu ochita lendi. Pamwamba pa zonse, kufupi ndi akhwangwala, nyumba ya mwini wake ndi mkazi wake.

Anthu a ku Insaca sitiyamikira chinthu tisanachinunkhize. Wina anafunsa ngati n'zoona kuti chimbudzi chikhala m'mwamba, pamitu pa anthu ogula shuga. A Bwanausi, ogulitsa nsomba za ku Chiuta, anawerama n'kusuzumira pa kawindo ka pamwamba, n'kuti, "Ndiye kuti wokhala apa aziona m'mabafa mwathu monse? Akazi athu azisamba atavala?" Ena ankangonong'onezana kuti munthu amene anathawa nkhondo ndi kabudula mmodzi sangamange chinthu chotere ndi phindu la sopo ndi mchere, pali kanthu basi.

Conceição, mkazi wa a Vitorino, anazimva zonsezo n'kungoti ndi nsanje. Tsiku limenelo iye ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Anali ndi chifukwa. Chuma chinali cha mwamuna, inde, koma dothi lomangapo linali la amayi ake, a Tiwale, pakati penipeni pa tawuni, pamene panali kanyumba kawo ka udzu ndi mitengo ya mango. A Vitorino pamalopo anali mkamwini chabe. Loweruka likubweralo a Tiwale ankayenera kuthira ufa pansi, kuuza makolo kuti malowo aperekedwa, kenako makasu alowe kukumba maziko. Ufa ukathiridwa palibenso kubweza mawu.

M'mawa mwake, akupukuta fumbi, Conceição anakatembenuza kanyumbako, pakuti dzulo lonse kanali katatsamira khoma. Kuseri kwake anapeza zimene Hélio sanaonetse anthu. Panali kachipinda kotulukira kunja, kokakamira pa nsanjika ya maofesi ngati mwana wa kumsana, kali ndi denga lakelake. Kuchokera pansi panali timakwerero topapatiza, tokwera mpaka pa khomo la kachipindako basi. Sitinkapitirira m'mwamba, sitinkakumana ndi makwerero aakulu a kutsogolo. Wokhala m'menemo akanatha kulowa ndi kutuluka chaka chathunthu osakumana ndi munthu wa m'nyumbamo.

Dzina linabwera lokha, osaliitana: Rabeca.

Nkhani ya Rabeca aliyense ankaidziwa, kungoti ankainena Conceição akatembenuka. Nkhondo itavuta, banjali linathawa mosiyana. Conceição ndi amayi ake ndi khanda lake, Tabu, anawoloka nyanja ya Chiuta pa bwato n'kukakhala ku msasa wa othawa kwawo ku Malawi. A Vitorino anatsata njanji mpaka ku Liwonde, ati kukafuna ganyu, ndipo ganyu anaipezadi, pamodzi ndi mayi wogulitsa kaunjika dzina lake Rabeca. Anakhala naye zaka ndithu, n'kuphunzira malonda pa mphasa yake. Mtendere utabwera anabwerera kuno, nakagwada pamaso pa a Efraimu, amalume ake a Conceição amene anali ankhoswe a banjalo, n'kulumbira kuti za ku Liwonde zinatha. Conceição anawalandira. Akanatani, mwana akufuna bambo? Koma mwezi uliwonse mwamunayo ankakwerabe sitima ku Entre Lagos kukaoda katundu ku Malawi, ndipo ankabwerako malaya atasitidwa bwino kuposa mmene anapitira.

Masana pa chakudya Conceição anafunsa.

"Bambo a Tabu, makwerero a kuseri aja ndi a ndani?"

A Vitorino anatsamwa ndi fupa, chikhalirecho ndiwo zinali nyemba.

"Makwerero ati?"

"Nyumba yanu yomwe simukuidziwa?"

"Aaa, amene aja! Zimenezo ndi za anthu a mapulani, mayi a Tabu. Nyumba zazitali zimakhala choncho. Moto ukabuka anthu amathawira kumeneko."

"Moto ukabuka ife tidzadumpha kuchokera kwa akhwangwala kukagwera pa kachipindako, eti?"

"Inu, nkhani za simenti muzisiyira amuna."

Anasamba m'manja chakudya chili theka, munthu woti mbale amaisiya ngati yatsukidwa kale. Conceição anawayang'ana kumsana akutuluka. Anamva manyazi ndi dzulo lake lija, mmene ankasekerera pamaso pa msika wonse, mwina ena akudziwa kale.

Conceição anamupeza Hélio pa malo omangapo, akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe pakati pa mitengo ya mango, thukuta lili kamukamu. Anamutengera thobwa m'chigubu, pakuti pakamwa pouma sipatuluka nkhani.

"Achimwene, nyumba mwaijambula bwino. Makamaka kuseri kuja."

Hélio anatsitsa chigubu msanga. "Dona Conceição, makwerero amenewo ine sindiwafuna n'komwe. Akuipitsa nyumba yanga ngati chotupa. Ndinakangana nawo abwana, ndinawauza kuti ku Nampula anzanga adzandiseka. Iwo anati popanda amenewo palibe nyumba."

"Palibe nyumba? Nsanjika zisanu zigwe chifukwa cha kachipinda kamodzi?"

"Anatero."

"Wokhalamo ndani?"

"Ine anandiuza kuti ndijambule, sanandiuze kuti ndifotokoze."

"Mwamuna kapena mkazi?"

Mnyamatayo anayamba kuyang'anitsitsa chikhomo chake ngati chamera masamba. Kenako, poti thobwa anali atamwa kale, anati, "Anangoti khomo liyang'ane kumene anthu sadutsa. Ndi pophikira pakepake. Ndi poyanika zovala pobisika. Zina musandifunse, dona, ntchito ingandithere."

Pophikira pakepake! Mwamuna uti m'boma lathu lino la Mecanhelas amene amamangiridwa pophikira? Conceição anatenga chigubu chake, thobwa likadalimo, n'kumapita.

Kuyambira pamenepo maso ake anatseguka, ndipo munthu akayamba kuona, amaona zambiri. Lachitatu a Vitorino anapita ku Malawi, ulendo wosakhala wa mwezi, atanyamula pepala lalikulu la pulani lokulungidwa ngati mphasa. Ati kukaonetsa ogulitsa simenti. Kodi simenti imafuna kuona nyumba isanagulidwe? Anabwerako Lachinayi, pepala lija lili ndi kadontho ka mafuta ophikira pangodya. Ndiye panali a Efraimu. Amalume ake amenewa, amene chibwerere ku Malawi ankayenda wapansi nsapato zili pakhosi, tsopano anali ndi njinga yatsopano ya belu. Ankalowa kuseri kwa sitolo, n'kunong'onezana ndi mkamwini, n'kutuluka kupalasa kulowera kwa a Tiwale. Akakumana ndi Conceição ankaliza belu m'malo mopereka moni.

Anagulidwa amenewa, Conceição anatero mumtima. Nkhoswe yagulidwa ndi njinga.

Chimene chinamuwawa kwambiri chinali cha amayi ake. A Tiwale anali munthu wa mwambo wakale. Iwo ndi mkamwini wawo anali asanayang'anizanepo m'maso chikwatire. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse, kaya kuli chitedze kaya kuli minga. Mawu onse pakati pawo ankayenda pakamwa pa a Efraimu. Ndiye nkhalamba yotere ikanadziwa bwanji zimene mkamwini akuphika? Ingomva zimene mlongo wake wa njingayo wasankha kuiuza. A Tiwale anali atanena kale pamaso pa anthu kuti kanyumba kawo kakagwetsedwa asamukira kwa a Efraimu, kunja kwa tawuni. "Ine kugona m'mwamba? Ndine mleme?" Choncho mwini dothi achoke, akakhale kumapeto kwa minda, kuti mkazi wa kaunjika adzakwere mozemba pa dothi lomwelo, aziyanika zovala zake pa mango a amayi ake!

Lachisanu linafika Conceição atawonda ndi maganizo. Mawa ufa. A Vitorino anali atapita ku boma, wogulitsa m'sitolo ali kalikiliki ndi anthu a mchere. Conceição anatenga mpeni wodulira sopo, natembenuza kanyumba kaja, n'kucheka timakwereroto kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tinachoka tonse tathunthu, topepuka ngati chikonyo. Anatikulunga pa nsonga ya kapulana n'kuuyamba wa kwa amayi ake, osayankha moni wa aliyense panjira.

Anawapeza pansi pa mango, miyendo atatambasula, akusenda chinangwa. Zingwe za Hélio zinali zitazungulira kale kanyumba kawo mbali zonse, moti nkhuku zinkachita kudumpha.

"Amayi, mawa musathire ufa."

"Ndadzuka bwino, kaya iwe," anatero a Tiwale, osadzutsa mutu.

"Amayi, sindinabwerere moni. Akupusitsani. Amalume akupusitsani, bambo a Tabu akupusitsani. Inu mukuchoka pano kuti pabwere wina. Taonani!"

Anamasula kapulana n'kuponya timakwerero tija m'lichero, pamwamba pa chinangwa. Anafotokoza zonse mawu akuthamangitsana: kachipinda ka kuseri, khomo loyang'ana kumene anthu sadutsa, pophikira, pepala lopita ku Malawi, njinga ya belu. Polankhula misozi inkatsika, iye osaipukuta.

A Tiwale anaika mpeni pansi. Anatola timakwereroto ndi zala ziwiri, natitembenuza, natipemerera kuchotsa dothi la chinangwa.

"Mwana iwe," anatero, "wathyola makwerero anga?"

"Anu?"

"Nanga a ndani? A agogo ako akumanda?"

Conceição anangoti kukamwa yasa.

"Taganiza ndi mutu, usaganize ndi chiwindi. Panjira ndikakumana ndi mkamwini ndimapatukira kutchire. Nanga pa makwerero tchire lili kuti? Iye akutsika, ine ndikukwera, ndidzalowe m'khoma? Ndinatuma Efraimu kuti akanene: ndikufuna njira yangayanga, khomo langalanga, moto wangawanga. Denga lija ndinalamulanso ndine. Mwamuna wa mwana wanga asamayende pamutu panga, ine sindinafe."

"Koma munkati simungagone m'mwamba. Munkati si inu mleme."

"Pakamwa ndi panga, ndimanena zimene ndafuna. Ndagona m'bango ine, ndagona m'matope a Chiuta madzi akulowa m'khutu. Nkhondo inatipeza tili pansi ngati nkhuku, osaona kanthu mpaka itafika pakhomo. Masiku anditsalirawa ndikufuna ndizikhala pamwamba, wobwera ndizimuonera kutali."

Conceição anakhala pansi, pa dothi pomwepo. Kenako kuseka kunamugwira. Anaseka mpaka kugwira nthiti, misozi ya poyamba ija n'kusakanikirana ndi ina. Sabata yonse yosadya, thobwa lotayika, moni wokanidwa kwa anthu osalakwa, zonsezo chifukwa cha makwerero a amayi ake omubala! Anamva chisoni ndi a Vitorino, mwamuna wa ulemu chotere, woti mpaka kukangana ndi wojambula chifukwa cha apongozi.

"Mayo ine, amayi! Ndiye ine ndimati ndi a uja wa ku Liwonde! Ndimati akufuna azimulowetsa mozemba, Rabeca!"

Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Conceição anaseka yekha. Atapukuta m'maso anaona kuti amayi ake atolanso mpeni, ndipo akusenda chinangwa chosenda kale.

"Rabeca akwererenji kuseri?" anatero a Tiwale. "Ndi wakuba? Iye adzakwera a kutsogolo."

Nkhuku ina inadumpha chingwe n'kudzajompha khoko la chinangwa pafupi ndi phazi la Conceição. Iye sanaiingitse.

"Mwati chiyani?"

"Wamva. Nsanjika yachinayi, imene anthu auzidwa kuti ndi ya alendi."

"Inu mukudziwa?"

"Ndinayambitsa ndine."

Pamenepo a Tiwale anayala nkhani yonse, mosafulumira, ngati akugawa mbewu. Nyumbayi, anati, siinali ya ku Insaca. A Vitorino ankafuna kukaimanga ku Liwonde, pa malo a Rabeca, ndipo njerwa anali atayamba kale kuumbitsa. Nkhaniyo a Efraimu anaitola kwa anthu a pa sitima. Chuma chonse cha m'sitolo chinali pa ulendo wowoloka malire, thumba limodzilimodzi, ndipo tsiku lina mwini wakeyo akanatsatira, osabweranso. Ndiye a Tiwale anatuma mawu kwa mkamwini: mangani pano, pa dothi langa, pakati pa tawuni pamene mabungwe akulirira maofesi, ndipo mkazi wanuyo mubwere naye.

"Mwamuna amakwera sitima, mwana wanga. Nyumba siikwera sitima. Akadzafa, kaya akadzathawanso monga anachitira muja, ichi chidzatsala pano, cha Tabu ndi ana a Tabu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ndiye nonse atatu munapangana. Inu, amalume, ndi iwo. Ine ndekha ndiye chitsiru chopukuta fumbi."

"Tinati umve ufa utathiridwa. Ukanadziwa za makwerero anga, ukanafunsa kuti mkamwini wandikonda chotani kuti andimangire zotere. Ndimakudziwa, ndinakubala ndine."

"Mwandigulitsa, amayi."

Mawu amenewo anawalasa a Tiwale. Anaponya chinangwa m'lichero, maso atafiira.

"Ndakugulitsa? Ine? Ukudziwa mmene ndakumenyera nkhondo iwe? Mwamuna wakoyo ankafuna nonse awiri pa nsanjika imodzi, makomo oyang'anana ngati mitala ya kumudzi. Ndinakana! Ndinati mwana wanga ndiye mkazi wamkulu, anavutika ndi khanda mu msasa pamene wina ankadya za kaunjika. Akhale pamwamba pa onse, winayo pansi pa mapazi ake. Efraimu anapita n'kubwera, anapita n'kubwera, mpaka matayala a njinga kutha, ine osasuntha. Pomaliza anavomera. Insaca yense akadzakweza maso adzati, uko kumwambako ndi kwa mwana wa a Tiwale. Ndiye lero ukuti ndakugulitsa?"

Ananena zimenezi chifuwa chili patsogolo, ndipo zinkaoneka kuti usiku wambiri anadzitonthoza nazo.

Ukali unali utamuthera Conceição. M'maganizo ankaona makwerero aakulu a kutsogolo aja monga Hélio anawaonetsera pa tebulo, okhotakhota kuchokera pa khomo la sitolo. Ankaona dzuwa litapendeka, sitolo yatsekedwa, a Vitorino ndi mimba yawo ija ndi bondo lawo lovuta nthawi ya chisanu, akukwera atagwira khoma. Adutsa maofesi. Adutsa alendi, akupumira m'mwamba. Fungo la ndiwo likutuluka pa khomo lina lotsegula, ndipo kutsogolo kukadali makwerero ena.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "munthu akamachokera pansi madzulo, atatopa, amayamba kufika pa khomo la ndani?"

Chibadwire chawo a Tiwale anali asanakwerepo nyumba yosanja, ndipo zimenezo anali asanaziganize.